Selemani Wam'chitini

Ndikakumbukira agogo anga a Naphiri, chimene chimayamba kundifika si nkhope yawo ayi, koma fungo la dothi lonyowa m'kati mwa nyumba, losakanikirana ndi fungo lowawasa la chinangwa choviika chimene chinkauma pathandala kuseri, ndi kautsi ka nzimbe zowotchedwa kochokera cha ku Dwangwa, kamene kankabwera ndi timaphulusa takuda n'kumatera pa zovala zochapa zokhazokha ngati tachita kutumidwa. Anzanga agogo awo ankanunkhira fodya wofwenkha, ena sopo wa Lamlungu. Anga ankanunkhira munda, ngakhale chaka chimene kumunda sanapondeko n'komwe.

Tinkakhala awiri, iwo ndi ine, m'mudzi wina pakati pa Dwangwa ndi Ngala, poti amayi anga ankagwira ntchito ku Lilongwe. M'mawa tinkadzutsidwa ndi asodzi okangana za mafuta a injini, masana ndi magalimoto a nzimbe obuula pamsewu waukulu, ndipo nthawi ina iliyonse ndi mawu a agogo eni ake, amene akaitana nkhuku, za oyandikana nawo zinkabweranso poopa mlandu.

Agogo anali mlimi wa mpunga, ndipo ndikati mlimi sindikucheza. Akawokera mpunga kudambo lawo, mizere inkawongoka moti akakowa ankachita manyazi kutera mwachisawawa, ankayamba afola kaye. Ndinaona ndi maso angawa. Zomera zonse za padziko lapansi anazigawa pawiri: zodyedwa ndi zopalira. Duwa kwa iwo linali udzu umene wangochita mwayi. Tsiku lina anazula maluwa onse a pakhomo la tchalitchi poganiza kuti akuthandiza, ndipo atauzidwa anapepesa kwa abusa, koma maluwawo anakana kuwabwezera pansi.

Chaka chimene ndikunenachi, nthawi yomweta mpunga, anaterereka pamatope ali ndi mtolo pamutu, fupa la ntchafu n'kuthyoka. Amene analipo amati mtolowo sunagwe: agogo anautula bwinobwino, n'kuuwongola, kenako ndiye anakomoka. Nyengo yonse yozizira anaithera kuchipatala cha kuboma, mwendo uli wokokedwa ndi chingwe. Fupa linalumikizana, koma mwendowo unafupikirako. Adokotala anawapatsa ndodo ndi kuwauza kuti aziyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse, apo ayi miyendo idzaiwala ntchito yake.

Tsiku limene anabwerera kumudzi, azimayi anadzaza khonde kudzawazonda. Agogo anafuna kuonetsa kuti adakali a Naphiri omwe aja. Anadzuka, anagwira ndodo, anafika pakhomo, ndodo n'kuterereka, iwo n'kugwa chafufumimba pamaso pa anthu onse. Palibe anaseka. Akanaseka mwina zikanakhalako bwino. M'malo mwake khonde lonse linangoti pepani, pepani mayi, pepani, wina mpaka kuyamba kulira ngati pagwa zovuta, ndipo munthu amene moyo wake wonse ankanyamula anzake ananyamulidwa ndi azimayi n'kukaikidwa pabedi ngati thumba la madeya.

Kuyambira tsiku limenelo anakana kudzuka. "Miyendo yanga yapuma pantchito," anatero. Ndodo ija anaipatsa udindo wina, wolozera zinthu ndi kuingitsa nkhuku.

Amalume a Fanuel, mwana wawo wamwamuna amene ankayendetsa thirakitala kukampani ya shuga, anabwera Loweruka lina n'kukhala pampando kufupi ndi bedi, chipewa chili pabondo.

"Amayi, azimayi a m'mudzi sangakusamaleni mpaka kalekale, ndipo mwanayu ndi wa sukulu. Mvula ikatha, msewu ukauma, ndibwera ndi galimoto. Ndikadzapeza simukuyenda, mukakhala kwathu. Dambo tidzabwereketsa."

"Kunyumba za kampani kuja? Kumene munthu ukayetsemula, wa nyumba inayo ndiye amapukuta mphuno?"

"Kuli magetsi, amayi."

"Magetsiwo amawokeredwa mwezi wanji?"

Amalume sanabweze mawu awo. Dambo limenelo linali la amayi awo a agogo, ndipo aliyense ankadziwa kuti likangolimidwa ndi munthu wina zaka zingapo, nkhani yake imadzatha ndi kukangana za malire. Agogo anatembenukira kukhoma. Kupita sankafuna, kudzuka sankafunanso, ndipo ankaganiza kuti akakana zonse ziwiri mwamphamvu ndithu, mvula idzachita mantha osatha.

Apa ndi pamene analowerera a Selemani. Anali msuweni wa agogo, mwana wa amalume awo, ndipo inu mukudziwa kuti asuweni sapatsana ulemu, amapatsana mavuto. Anali wamtali, woonda, wa kofia yoyera, ndipo ankasamalira maluwa pa loji ina ku Ngala. Njinga yawo inalibe mabuleki, ankaiimitsa ndi chidendene komanso dua, pemphero lachisilamu. Anafika Lachisanu atachoka kumzikiti, chitini chakale cha penti atachimangirira pakaliyala.

"Odi, akazi anga. Ndamva kuti mwakwezedwa pantchito, tsopano mukugwira yogona."

"Lowani, amuna anga opanda phindu. Mwatenga chiyani? Anzanu akubwera ndi nthochi."

"Nthochi n'za odwala. Inu ndinu waulesi chabe. Ndakutengerani mnzanu wocheza naye. Nayenso sayenda, amangokwawa."

M'chitinimo munali chomera cha masamba onga a mbatata koma okhuthala, owala ngati apakidwa mafuta, okhala ndi mawanga achikasu ngati wina wawawaza ndi phala, nthambi zake zikulendewera m'mbali. Anati ku loji chimakhala m'nyumba momwe alendo amadyera, chimayanga m'mitanda ya denga, ndipo azungu amachijambula. Agogo anachiyang'ana monga ankayang'anira munthu wodzapempha mbewu nthawi yowokera itadutsa.

"Chimabereka chiyani?"

"Palibe."

"Masamba ake n'ndiwo?"

"Mukadya mudzayabwa kukhosi mpaka Ijumaa inayo."

"Ndiye ndi mankhwala a chiyani?"

"Si mankhwala. Ndi duwa."

"Maluwa ake ali kuti?"

"Silichita maluwa."

Agogo anatembenukira kwa msuweni wawoyo. "Chimadya, chimamwa, chimakhala pamthunzi, sichibereka kanthu. Mwandibweretsera Selemani wachiwiri."

Dzina linakhala lomwelo. A Selemani anaika chitinicho pakampando pafupi ndi zenera la kumutu kwa bedi, anapukuta manja, ndipo ali pakhomo anatembenuka. "Likafa musadandaule. Ndidzangowauza anthu kumzikiti ndi kudoko kuti mlimi wamkulu wa mpunga walephera kusunga udzu."

Njinga isanafike n'kumsewu komwe, agogo anali atayamba kale kulamula. Anati palibe udzu umene ungawachititse manyazi, ndipo anaulima mmene ankadziwira kulima. Poyamba anaona kuti chitini chili ndi ziboo kunsi, nati a Selemani ndi munthu wosasamala, wabweretsa chiwiya chodontha. Anandiuza ndimate ziboozo ndi dongo kuti madzi aziima. Kenako kuthirira: m'mawa, masana ndi madzulo, mpaka m'chitini munaima dziwe loti mukanaponyamo mbedza mukanadikira ndi chiyembekezo. Pomaliza dzuwa. "Palibe chomera chimene chimakana dzuwa," anatero, ndipo tsiku lililonse ndisanapite kusukulu ndinkatulutsa Selemani wam'chitini n'kumukhazika pabwalo, pa dzuwa la Okutobala lija limene limaumitsa usipa usanafike n'pathandala pomwe.

Masamba anayamba kupsa m'mbali, ena anasanduka achikasu n'kufewa, ndipo m'chitini munayamba kutuluka fungo la dambo lakale. Agogo anati chomeracho chakhwima, ndiye n'chifukwa chake masamba akufota, monga imachitira mbatata. Mpaka nthawi imeneyo sanakhulupirire kuti chinthu cha masamba otere chingakhale chopanda kanthu pansi. "Selemani akubisa. Akufuna adzakumbe yekha." Anandiuza ndiyale thumba pabedi ndi kuikapo chitini, iwo n'kukhala tsonga, koyamba chigwere pakhomo paja, n'kulowetsa dzanja m'matopemo mpaka m'chigongono. Anafufuza mbali zonse. Chimene anatulutsa chinali mizu yakuda, yofewa, yonunkha, yongosungunuka m'zala.

Anaiyang'ana nthawi yaitali. Nthabwala zinawathera.

"Ndapha chinthu chobzala," anatero motsitsa mawu. "Ine."

Lachisanu lotsatira a Selemani anapeza mnzawo wam'chitini ali ndi masamba owerengeka. Anavula kofia n'kuigwira pachifuwa ngati afika pamaliro. Agogo sakanafunsa malangizo kwa munthu ameneyu ngakhale atawalonjeza dambo lachiwiri, choncho anayang'ana ine.

"Tamufunse mlendoyu ngati udzu wakewu uli ndi mwambo wake."

"Uwauze agogo ako," anatero a Selemani, ali chiimire pafupi ndi bedi lomwelo, "kuti ili si mpunga. Limafuna kuwala, koma dzuwa lisaligunde. Kwawo n'kunkhalango, pansi pa mitengo. Ziboo za chitini zitsegulidwe. Madzi alipatse pokhapokha dothi likauma pamwamba: alowetse chala, chikatuluka ndi dothi lomata alisiye, ngakhale litawayang'ana momvetsa chisoni bwanji."

"Umuuze kuti ndamva, ndipo kuti kofia yakeyo avale, palibe wamwalira."

Chotsalacho agogo anachitulukira okha. Akutembenuza nthambi imene inali idakali yamoyo, anaona timatuza tofiirira pa mfundo iliyonse, pomwe tsamba limatulukira. Anatikanda ndi chikhadabo, nkhope n'kuwala. "Iyi ndi mbatata ndithu. Yangokana ntchito." Anapempha mpeni, anaduladula nthambiyo mmene ankadulira mbewu ya mbatata, chidutswa chilichonse ndi mfundo yake ndi tsamba lake, n'kuziimika m'mabotolo a madzi pazenera. Madziwo ankasintha akayamba kuda. Posakhalitsa timizu toyera tinayamba kutuluka m'mfundo zija n'kumatsikira pansi pa botolo, ndipo agogo, amene miyezi yonseyi m'mawa ankaulonjera ndi kubuula, anayamba kudzuka nkhuku zisanatsike kuti aone ngati mizu yawonjezera. Mizuyo itatalika ngati chala, anabzala zidutswa zonse m'chitini chija, m'dothi la pansi pa mango losakaniza ndi mchenga wa kunyanja ndi timakala tophwanya. Loweruka lililonse ankapukuta tsamba lililonse ndi kansalu konyowa kuchotsa fumbi ndi phulusa la nzimbe, uku akulinyoza. "Taona kunyezimira. Ntchito ayi. Mwini wako weniweni."

Mvula itagwa, chinyezi chitadzaza m'nyumba, Selemani wam'chitini anadzuka n'kuyamba ulendo. Duwalo linkakula mukuliona. Tsiku lina ndinasiya pensulo pazenera m'mawa, pobwera ndinapeza duwa litaigwira, ndipo aphunzitsi atakana kukhulupirira ndinawaitana kuti adzaone, koma sanabwere, ndiye mlandu ndi wawo. Nthambi zinatsika pakampando, zinafika pansi, zinayamba kulowera kukhomo kumene kuwala kunkachokera, nkhuku n'kumazijompha, ine n'kumazipondaponda. Agogo anati zimenezi n'zosalongosoka, chomera choyanga chimafuna pogwira.

A Selemani anabwera ndi hamala ndi misomali. Anayambira pamwamba pa zenera n'kumakhomera kulowera kukhomo. Ndakhala ndikuona ntchito zoipa pa moyo wanga, zina ndagwira ndekha, koma mzere wa misomali umene uja sindinauonenso. Wina m'mwamba, wina m'munsi, wina wopindika, wina woyang'ana ku Mozambique. Unali ngati njira ya munthu wochokera kumowa, chonsecho anaukhoma munthu amene sanalawepo dontho chibadwire.

"Mukuchita chiyani pakhoma langa?" anafunsa agogo, akuloza ndi ndodo. "Umenewo ndi mzere?"

"Maso akalamba, akazi anga. Amene sanakhutire adzuke akonze."

Anamangirira nthambi ndi luzi pamisomali yokhotayo, anaiwala hamala pansi pa kampando, n'kumapita. Usiku agogo sanadye. Ankangoyang'ana khoma lija monga munthu amayang'anira mbuzi ya eni ili m'munda mwake.

Patapita masiku ochepa, ndikuchokera kusukulu, ndinapeza misomali yoyambirira, ya pafupi ndi zenera, itazulidwa n'kukhomedwanso mowongoka, nthambi zitamangidwa ndi mfundo ya agogo imene ndinkaidziwa bwino, yomangira mitolo ya mpunga. Iwo anali chigonere, atafunda mpaka pachibwano, thukuta lili pamphumi.

"Agogo, wakonza misomali ndani?"

"Lakonza lokha. Zomera za ku loji n'zophunzira."

"Nanga hamala ili kuti?"

"Ndine mlonda wa hamala ine?"

Inali pansi pa pilo, chogwirira chake chikuonekera. Sindinafunsenso. Koma pansi pozira sipasunga chinsinsi: m'mbali mwa khoma munali mapazi, lina lathunthu, lina la zala zokha, ndi kabowo kozungulira ka ndodo, ndipo pakhomapo panali mzere wa dzanja lotsamira. Sabata iliyonse mapaziwo ankatalikirako. Duwa likakula n'kudutsa msomali womaliza wowongoka n'kufika pa wokhota, agogo ankapirira tsiku limodzi kapena awiri, kenako msomaliwo unkapezeka utalapa. A Selemani akabwera ankayang'ana khoma, ankayang'ana pansi, n'kukhomera misomali ina kutsogolo, yokhota kuposa yoyamba. Ameneyu ndi munthu amene ku loji ankameta mpanda wa maluwa mosalala moti mukanadyerapo.

Azimayi akagogoda, m'nyumba munkamveka chipwirikiti ngati mwalowa mbuzi, kenako bata, kenako mawu ofooka akuti lowani. Ankawapeza ali gone, akubuula mwaluso.

Mvula itayamba kuchepa ndinayamba kuda nkhawa, chifukwa msewu unali kuuma. Tsiku lina akupukuta masamba ndinalimba mtima.

"Agogo, bwanji osangowauza amalume kuti mukuyenda?"

"Kumene kuja n'kuyenda? N'kudumphadumpha ngati khwangwala wolasidwa." Anapitiriza kupukuta. "Nditulukenso panja anthu ayambirenso pepani wawo uja? Mitolo ndasenza moyo wanga wonse, mwana iwe, koma katundu wolemera ngati pepani sindinamuone. M'nyumba muno palibe ondiona. Duwali silipepesa."

Pa nthawi imeneyo duwa linali litazungulira khoma lonse n'kufika pamphuthu ya chitseko, nsonga yake ikusuzumira panja. Agogo ankafika pamene lafikapo, n'kubwerera. Khonde linali sitepe imodzi kuchokera pamenepo, koma kwa iwo linali kutali kuposa Lilongwe.

Amalume anasunga mawu awo. Anafika Loweruka lina dzuwa lili pamutu, ndi pikapu yobwereka. Azimayi anasonkhana pabwalo kudzatsanzika, nkhope zili zokonzeratu. Amalume analowa n'kugwada pafupi ndi bedi.

"Amayi, mwayesako kuyenda?"

Agogo anayang'ana kudenga. Kunja kunkamveka azimayi akunong'onezana. "Miyendo yapuma," anatero.

Ine ndinatsegula pakamwa, iwo n'kundiyang'ana ndi diso limodzi lokha, pakamwa panga n'kudzitsekera pokha. Amalume anayamba kutulutsa katundu: mphasa, mapoto, lichero, thumba la mbewu ya mpunga limene agogo ankalisunga kumiyendo kwa bedi. Thumbalo likutuluka ndinaona dzanja lawo likufinya bulangete, koma sanadzuke.

Kenako panamveka chidendene chikukhula pansi, ndipo a Selemani anaima atagunda pang'ono thandala la chinangwa. Analonjera anthu onse mmodzimmodzi, mosafulumira, anayamikira pikapu, anafunsa za nzimbe. Atatero anatulutsa msomali m'thumba, anatola mwala, n'kuukhoma pansanamira ya khonde, mbali imene dzuwa linkawomba popanda chotchinga. Anatambasula dzanja pamwamba pa chitseko, anamasula nthambi yaitali ya duwa lija pamisomali yake, n'kuikokera panja.

"Poti eni ake akusamuka," anatero mokweza, ngati akulengeza pamsika, "mnzangayu ndimutulutse aziothera dzuwa. Wakhalitsa m'nyumba."

"Selemani," anatero mawu ochokera m'kati. "Bwezerani nthambiyo."

"Mwati chiyani, akazi anga?"

"Dzuwa limenelo liwotcha masamba. Munanena nokha."

"Sindikumva bwino. Muli kutali."

Anayamba kumanga nthambiyo pamsomali, ndi mfundo yoti ngakhale mwana wa mkaka akanaikana. Masamba anthete a kunsonga anali atayamba kale kugwetsa nkhope.

M'nyumba munamveka bedi likulira. Kenako ndodo: gu. Kenako phazi likukhwekhwereza. Gu. Bwalo lonse linati zii, ndipo ndikulumbira kuti ngakhale galimoto ya nzimbe imene inkadutsa pamsewu inachepetsa mawu. Agogo anatulukira pakhomo, ndodo kudzanja lamanja, hamala kulamanzere, phewa limodzi lili m'munsi, akupendekera mbali ya mwendo waufupi uja. Anaima pamalo enieni amene anagwerapo. Ndinaona mayi wina wa mtima wabwino kwambiri atapendeketsa kale mutu, milomo itakonzeka kupepesa.

A Selemani anamuyambirira.

"Taonani kayendedwe. Bwato lolemera mbali imodzi likulimbana ndi mwera. Amalume ake a mwana, bweretsani chokapira madzi, limira ili."

Agogo anawayang'ana kuyambira kukofia mpaka kuchidendene chodyeka chija.

"Lolemera mbali imodzi lomweli likufikani pomwepo," anatero. "Imani, muone ngati hamalayi imadziwa misomali yokha."

Wina kumbuyo analephera kudzigwira, anaphulika. Kenako wina, kenako bwalo lonse, mpaka mayi wopepesa uja anakhala pansi akupukuta misozi ya mtundu wina. Agogo anaponda pakhonde. Anadutsa khonde lonse akupendekera, gu, gu, a Selemani akubwerera chafutambuyo manja ali m'mwamba. Anamasula nthambi ija, anaipukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje, anaibwezera pamthunzi pamwamba pa chitseko, ndipo msomali wa pansanamira anauzula ndi kukoka kumodzi.

Atamaliza anazindikira kuti ali panja. Anayang'ana bwalo, thandala, mango, pikapu yodzaza ndi mapoto awo.

"Wakhala akusesa pano ndani?" anafunsa. Palibe anavomera. Anatembenukira kwa amalume. "Fanuel, tsitsa katunduyo, uyambire thumba la mbewu. Koma poti galimoto yabwera kale, mafuta asapite pachabe. Undiperekeze kudambo ndikaone zimene andiwonongera ondilimira chaka chino."

Amalume anatsitsa katundu yense. Maso awo anali ofiira, ndipo anati ndi phulusa la nzimbe, ngakhale kuti kukampani anali asanayambe kuwotcha.

Agogo anayenda mopendekera mpaka tsiku lawo lomaliza, ndipo anawokera mpunga m'dambo lawo zaka zina zambiri, kumapeto atakhala pakampando m'mphepete n'kumalozera mizere ndi ndodo. Duwa lija linazungulira nyumba yonse, linalowa kuchipinda, linabwerako, ndipo alendo ankawerama polowa ngati akulowa m'nkhalango. Mpaka mapeto sanavomere kuti ndi lokongola. Ankati akungolisunga kuti mwini wake asapeze chonena. Nditakula ndinawafunsa a Selemani ngati zonse zija anachita kukonza. Anandiyang'ana modabwa kwambiri. "Ine? Ku loji anandiuza kuti ndikataye nthambi zimene ndinadula. Kudzala kunali kotalikira kuposa kwa agogo ako."

Lero ndimakhala ku Kasungu, m'nyumba ya lendi, ndipo zidzukulu za Selemani wam'chitini zikuyanga pakhoma la chipinda chochezera, eni nyumba akufuna asafune. Miyezi ingapo yapitayo a Mbewe, kalipentala wokalamba woyandikana nane, anadwala matenda ofa ziwalo mbali imodzi. Atatuluka m'chipatala anakhala pampando m'nyumba n'kukana kuonedwa ndi anthu. Ndinapita kukawazonda wopanda nthochi. Ndinatenga chitini, nthambi zingapo zamizu, ndi misomali yakale imene ndinakhoma ndekha pakhoma lawo iwo akuonerera. Kukhotetsako sindinachite kuvutikira, luso limeneli ndinabadwa nalo. Akazi awo anandithokoza. Iwo sanandithokoze.

Dzulo a Mbewe anandiimbira foni. Anati pa zaka zonse zimene agwira hamala sanaonepo ntchito yochititsa manyazi ngati yanga, ndipo kuti misomali imene ndinabweretsa ndi yoyenera kutaya. Mawu awo anali olemera, akutuluka pang'onopang'ono, koma onyoza bwino ndithu. Kumbuyo kwake ndinkamva maminibasi akuitanira anthu, ndi mnyamata wina akuwafunsa kuti akufuna misomali ya saizi yanji.